Kodi mboni inganamize bwalo osanena bodza?

Lachiwiri pa 19 July 2022, chipangizo choyezera kutentha cha pamudzi wa Coningsby ku England chinaonetsa madigiri 40.3. Chiyambire kulemba za nyengo ku Britain, kutentha kunali kusanafikepo pa 40. Masitima ambiri anaimitsidwa poopa kuti njanji zipindika, ndipo kum'mawa kwa London, m'mudzi wa Wennington, moto unapsereza nyumba zoposa 10 masana dzuwa likuswa mtengo. Meya wa London, Sadiq Khan, anati ozimitsa moto a mumzindawo anali asanatanganidwepo chotero chithereni nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

M'mawa wa tsiku lomwelo, amene anagula Daily Mail anapeza tsamba loyamba likunyogodola mtundu wonse kuti wasanduka wa anthu ofewa, otekeseka ndi kadzuwa ka tsiku limodzi. Mnzake wowerenga The Guardian sabata imeneyo ankauzidwa kuti kutenthako ndi chenjezo, kuti zimene asayansi akhala akunena zafika pakhomo. Chiwerengero cha 40.3 palibe anachitsutsa. Koma anthu awiriwa akanakumana madzulo ake, akanacheza ngati anthu amene aswera m'mayiko osiyana.

Kumeneko nyuzipepala sizibisa kumene zapendekera. Daily Mail, The Sun ndi The Daily Telegraph amazitcha zakumanja: zimakonda misonkho yotsika, msika woyenda wokha ndi boma losalowerera pa zambiri. The Guardian ndi Daily Mirror n'zakumanzere, zimafuna boma litambasule dzanja poteteza osauka ndi chilengedwe. Kusiyana kotere pa nkhani ya misonkho kapena ya sukulu n'komveka, poti anthu amasiyanadi pa zimene amaziona kuti n'zofunika. Chodabwitsa n'chakuti kunalowerera mpaka pa funso loti kodi dziko likutentha kapena ayi, funso limene yankho lake silidalira chipani cha munthu. Ikafika apa, nkhani ya atolankhani yasanduka ya chikumbumtima, ndipo yagwera pa lamulo lakale loletsa kuchitira mnzako umboni wonama. Akatolika ndi Achilutera amaliwerenga lachisanu ndi chitatu, mipingo ina lachisanu ndi chinayi, koma kwawo kwenikweni kwa lamuloli ndi pabwalo la milandu, pamene moyo wa munthu umatsamira pakamwa pa amene anaona.

Vuto ndi lakuti umboni wonama wa masiku ano kawirikawiri sukhala ndi bodza loti munthu angaliloze ndi chala. Zimene zinachitika ku Australia zikuonetsa bwino. Chaka cha 2019 chinali chotentha ndi chouma kuposa zaka zonse zimene nthambi yoona zanyengo ya dzikolo inalembapo, ndipo chakumapeto kwake nkhalango za kum'mwera chakum'mawa zinayaka kwa miyezi. Anthu oposa 30 anafera m'motowo, nyumba pafupifupi 3,000 zinapsa, utsi unaphimba Sydney ndi Canberra. Nduna yaikulu, Scott Morrison, yemwe mu 2017 analowa m'Nyumba ya Malamulo atanyamula chidutswa cha malasha n'kumauza aphungu kuti asachiope, ananyamuka kukapuma ku Hawaii moto uli mkati.

Mu January 2020 The Australian, nyuzipepala ya kampani ya Rupert Murdoch, inakakamira pa nkhani ya anthu oyatsa tchire dala, n'kulemba kuti oposa 180 agwidwa. Ena atachiunika chiwerengerocho anapeza kuti chinasakaniza milandu yosiyanasiyana ndi miyezi ina ya m'mbuyo, moto waukuluwo usanayambe. Apolisi a ku New South Wales, chigawo chimene chinapsa kwambiri, anati amene anawatsegulira mlandu woyatsa tchire dala anali 24. Moto wa ku Gospers Mountain, umene unakula koposa, unayamba ndi mphezi.

Komabe oyatsa moto analipodi, ndipo kulemba za iwo sikunali kupeka. Chinyengo chinagona pa funso limene owerenga anakankhidwirako. Kufunsa amene anayatsa machesi ndi nkhani ina, kufunsa chimene chinaumitsa nkhalango mpaka kamoto kamodzi n'kulusa kwa milungu ndi inanso. Oyatsa tchire amakhalapo chaka chilichonse, koma nkhalango youma chotero sinali ya chaka chilichonse. Nyuzipepala ikadzaza tsamba loyamba ndi funso loyambalo, lachiwirilo limafa lokha popanda wolitsutsa. Mwana wa Murdoch yemwe, James, pamodzi ndi mkazi wake Kathryn, ananena poyera mwezi womwewo kuti akhumudwa ndi mmene nyuzipepala za banjalo zikukanira za kusintha kwa nyengo. Mu July chaka chomwecho James anatula pansi udindo wake mu bodi ya News Corp, kampani ya banjalo, ati chifukwa chosagwirizana ndi zina zimene zimasindikizidwa.

Augustine wa ku Hippo, amene analemba mabuku awiri okhudza bodza lokha, anaika muzu wa bodza mumtima. Kwa iye, wonena zolakwika akukhulupirira kuti n'zoona sananame, wangophonya. Wabodza ndi amene ali ndi china mumtima, china pakamwa. Anasinkhasinkhanso za munthu wonena zoona ndi cholinga chosocheretsa mnzake. Muyeso umenewu umam'pana mkonzi wa nyuzipepala, chifukwa ntchito yake yonse ndi kusankha. Tsiku lililonse kumachitika zinthu zikwi, tsamba loyamba limalandira chimodzi. Kusankha sangakupewe, choncho sangaimbidwe mlandu chifukwa chakuti wasankha. Mlandu umayamba pamene iye akudziwa chithunzi chimene chitsale m'mutu mwa wowerenga, akudziwanso kuti si chimene iye mwini akanafotokoza akanamuimika pabwalo atalumbira.

Kwa zaka zambiri atolankhani a ku America ankaganiza kuti apeza pothawira: kupatsa mbali zonse ziwiri malo ofanana. Apachibale awiri, Maxwell ndi Jules Boykoff, anasanthula nkhani za kutentha kwa dziko zimene The New York Times, The Washington Post, Los Angeles Times ndi The Wall Street Journal zinasindikiza kuyambira 1988 mpaka 2002. Zimene anatulutsa mu 2004 zinali zakuti nkhani zoposa theka zinkapereka kulemera kofanana kwa onena kuti anthu ndiwo akutenthetsa dziko ndi kwa onena kuti n'zachilengedwe chabe, pamene pakati pa akatswiri a zanyengo sikelo inali itapendekera kale mbali imodzi. Zitatu mwa nyuzipepala zinayizi sizinali zakumanja n'komwe. Zinasocheretsa anthu zikuyesa kuchita chilungamo.

Mfumu Solomo ikanatsata njira imeneyo, mwana uja akanadulidwadi pakati. Amayi awiri anaima pamaso pake, aliyense akuti khanda lamoyolo ndi lake, mboni ina palibe. Solomo anawamvetsera onse osayang'ana nkhope, ndipo kusakondera kwake kunali pamenepo. Zogawa mwana zija unali msampha woululira mayi weniweni. Chigamulo chinapatsa mmodzi mwana wathunthu, winayo n'kubwerera chimanjamanja. Woweruza ayenera kutchera khutu kwa onse awiri, koma palibe chom'kakamiza kunena kuti onse anena zoona theka-theka. BBC inafika pa mfundo imeneyi itapsa kale. Mu August 2017 inalola Nigel Lawson, nduna yakale ya zachuma, kunena pa wailesi kuti kutentha kwa dziko kwatsika pang'ono m'zaka 10 zapitazo, womufunsa osam'bweza. Bungwe loyang'anira mawailesi la Ofcom linagamula kuti BBC inalakwa, ndipo mu 2018 akuluakulu ake anauza atolankhani awo kuti asamavutikenso kufunafuna wokana pofuna kuti nkhani ioneke yolungama.

Wokayika ali ndi yankho lake, ndipo si lachibwana. Amafunsa kuti ndani anapatsidwa mphamvu yotseka mlandu, poti ambiri analakwapo kale, ndipo amafulumira kutchula Galileo. N'zoona, kuchuluka kwa manja okwezedwa si umboni. Koma kutsutsa galu n'kukumba, ndipo alipo wokayika wina amene anakumbadi. Richard Muller, katswiri wa fizikisi wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, sankakhutira ndi mmene anzake ankawerengera kutentha kwa dziko. Anasonkhanitsa gulu lake, ndalama zina n'kuzilandira kuchokera ku thumba la Charles Koch, mpondamatiki wa mafuta amene wathandiza mabungwe ambiri olimbana ndi malamulo a zanyengo, n'kuyambiranso kuwerengera. Mu July 2012 analemba mu The New York Times kuti wasintha maganizo: dziko likutenthadi, ndipo pafupifupi kutentha konseko n'kochokera kwa anthu. Kukayika kwa mtundu umenewu kuli ndi tsiku lothera, chifukwa mwini wake amadziwa chimene chingam'khutiritse.

Kulinso kukayika kwina kosatha, kumene ukayankha funso ili kumatulutsa lina. Mu November 2009, kutatsala milungu yochepa kuti msonkhano wa zanyengo wa ku Copenhagen uyambe, makalata a pa intaneti a asayansi a pa yunivesite ya East Anglia anabedwa n'kumwazidwa, ndipo nyuzipepala zakumanja zinaliza ng'oma kuti chinyengo chaululika. Makomiti angapo anafufuza, ina mwa iwo ya Nyumba ya Malamulo ya Britain. Anadzudzula asayansiwo chifukwa choumira zolemba zawo, koma sanapeze kuti anapotoza ziwerengero. Chigamulocho sichinalembedwe ndi zilembo zazikulu ngati za mlandu uja.

Zonsezi sizikuyeretsa a mbali inayo. Mu March 2000 The Independent inalemba kuti chipale chofewa chatsala pang'ono kukhala mbiri yakale ku Britain, moti ana sadzachidziwa. Mu December 2010 chipale chinakwirira dzikolo, ndipo nkhani ija otsutsa akuitafunabe mpaka lero. Mu February 2004 The Observer, nyuzipepala ya Lamlungu imene panthawiyo inali ya kampani imodzi ndi The Guardian, inatenga lipoti lolembedwera a Pentagon, unduna wa zachitetezo wa America, lomwe linkangoyerekeza zoipitsitsa zimene zingachitike, n'kuuza owerenga kuti pofika 2020 Britain idzazizira ngati Siberia. Mu October 2018 gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, IPCC, linati kuti kutentha kusakwere kupitirira madigiri 1.5, mpweya woipa uyenera kuchepetsedwa ndi pafupifupi 45 peresenti pofika 2030. Podutsa m'mitu ya nkhani ndi m'misonkhano mawuwo anafupika, mpaka achinyamata ena anamva zoti dziko latsala ndi zaka 12 kuti lithe.

Mlonda wa m'buku la Ezekieli anachenjezedwa kuti akaona adani akubwera n'kusaliza lipenga, mlandu wa magazi a anthu udzakhala pamutu pake. Atolankhani akumanzere amadziona mwa mlonda ameneyu, ndipo ali ndi chifukwa. Koma m'Baibulo lomwelo muli Yona, amene analalika kuti Nineve watsala ndi masiku 40, ndipo mzindawo utalapa n'kupulumuka iye anakakhala kunja pansi pa msatsi atatupa ndi mkwiyo, ulosi wake utam'komera kuposa anthuwo. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa magetsi a dzuwa unatsika ndi maperesenti oposa 80. Mu September 2024 Britain, dziko limene linayambitsa mafakitale oyendera malasha, linatseka malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha ku Ratcliffe-on-Soar. Mtolankhani aliyense amene nkhani zotere zimam'lemera kulemba kuposa za tsoka, adzifunse ngati sanakhale pansi pa msatsi wa Yona.

Pa ndalama napo akumanzere sangadzitame. Kwa zaka zambiri The New York Times inkagulitsa ngodya ya tsamba lake la ndemanga kwa kampani ya Mobil, imene pambuyo pake inakhala ExxonMobil, ndipo kampaniyo inkalembapo zokayikitsa sayansi ya nyengo. Mu 2017 Geoffrey Supran ndi Naomi Oreskes a ku Harvard anayerekeza zolemba zimenezi ndi zimene asayansi a Exxon ankalemba okha, n'kupeza kuti zambiri za asayansiwo zinkavomereza chinthu chomwe pa tsamba lija chinkakayikiridwa. The Guardian inafika January 2020 isanasiye kulandira malonda a makampani okumba mafuta.

Ngakhale zili choncho, kunena kuti zolakwa za mbali ziwirizi n'zofanana kungakhale kudulanso mwana pakati. Wokokomeza liwiro la moto umene ukuyakadi walakwa, ndipo kulakwa kwake kumabala mantha ndi kutaya mtima, kumapatsanso otsutsa chibonga. Wonena kuti kulibe moto waphonya nkhani yonse. Mafakitale asanayambe, mpweya wa kaboni mumlengalenga unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa mu 1958 anapeza pafupifupi 315. Lero wadutsa 420. Mu 2021 IPCC inati palibenso chokayikitsa kuti anthu atenthetsa dziko, ndipo 2024 inatentha kuposa zaka zonse zolembedwa m'mbuyo mwake.

Ambiri anaiwala kuti mpanda wolekanitsa akumanja ndi akumanzere pa nkhani ya nyengo si wakale. Mmodzi mwa atsogoleri oyamba a mayiko akuluakulu kuchenjeza za kutentha kwa dziko anali Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, amene akumanja amam'lemekeza mpaka lero, mayi wophunzira kemisitiri ku Oxford. Analankhula za nkhaniyi ku Royal Society mu 1988 ndi ku msonkhano waukulu wa United Nations mu 1989, ndipo mu 1990 anatsegula Hadley Centre, malo ofufuzira za nyengo. Pulezidenti wa America, George Bush wamkulu, anasaina pangano la zanyengo ku Rio mu 1992. Rupert Murdoch mwini wakeyo mu 2007 anauza antchito ake kuti kusintha kwa nyengo n'chiopsezo chachikulu. Ndipo James Painter wa ku Reuters Institute ku Oxford, atayerekeza nyuzipepala za mayiko asanu ndi limodzi mu 2011, anapeza kuti mawu a okayika oposa 80 peresenti anapezeka ku Britain ndi ku America, makamaka m'masamba a ndemanga a nyuzipepala zakumanja. Ku Brazil, ku India ndi ku China anali osowa. Mkangano wopezeka m'mayiko ena okha, umenenso unayamba mochedwa, gwero lake silingakhale sayansi.

Gwero lake ndi mankhwala. Munthu amene chikhulupiriro chake chonse pa ndale n'chakuti boma lisalowerere pa msika, akauzidwa kuti pali vuto limene msika sungalithetse wokha, zimam'pepukira kukana matenda kusiyana ndi kumeza mankhwalawo. Mnzake amene kuyambira kale ankafuna boma lamphamvu ndi makampani omangidwa chingwe amalandira matendawo ndi manja awiri, poti mankhwala ake ndi omwe ankawafuna kale. David Hume anadandaula m'zaka za m'ma 1700 kuti olemba za makhalidwe amadumpha mwakachetechete kuchoka pa zimene zilipo kupita pa zimene ziyenera kuchitika. Pa nkhani ya nyengo kudumphaku kumachitika chafutambuyo: munthu amayamba wasankha zimene akufuna kuti zichitike, kenako n'kusankha zimene avomereze kuti zilipo. Dan Kahan wa ku Yale ndi anzake anapeza mu 2012 chinthu chosautsa kwa onse oganiza kuti vuto ndi umbuli. Pakati pa anthu a ku America, odziwa bwino sayansi ndi masamu ndiwo anali ogawanika kwambiri motsata magulu awo. Nzeru zawo zinkaimira mlandu mbali imene mtima unasankha kale.

Pamenepa mlandu suli kwa mkonzi yekha, wafikanso kwa wogula. Mfumu Ahabu itafuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Gileadi inaitana aneneri pafupifupi 400, ndipo onse anaiuza kuti ipite, ikapambana. Wina anachita kusula nyanga zachitsulo kuti uthengawo ulowe bwino. Yehosafati wa ku Yuda, mlendo wake, sanakhutire, anafunsa ngati kulibe mneneri wina. Ahabu anavomera kuti alipo, Mikaya, koma amadana naye chifukwa sam'losera zabwino. Mthenga amene anakam'tenga anam'nong'oneza kuti angogwirizana ndi anzakewo. Chodandaula cha Ahabu sichinali chakuti Mikaya amanama, ankangonyansidwa ndi zimene amanena. Ndipo atalamula kuti am'tsekere m'ndende, analowa m'nkhondo atadzibisa, osavala zachifumu, kusonyeza kuti pansi pamtima anali atamva. Aneneri 400 aja ankadziwa chimene mwini nyumba akufuna kumva. Mfumu ya nyuzipepala ya lero ndi wowerenga amene amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mkonzi amaona pa kompyuta nkhani imene anthu akuitsegula ndi imene ikuwathawitsa.

Okayika amakonda kudziyesa Mikaya, mmodzi pakati pa 400. Koma kuchepa kwa gulu si kumene kunam'panga Mikaya kukhala mneneri woona. Ananena zimene womumvera sankafuna kumva, podziwa kuti akagona kundende. Ndi muyeso umenewo, a Mikaya amapezeka mbali zonse, ndipo amadziwika ndi makalata aukali amene amalandira kuchokera kwa owerenga awo omwe. Ambrose Evans-Pritchard wakhala akulemba mu The Daily Telegraph kuti magetsi a dzuwa ndi a mphepo apambana kale pa mtengo. George Monbiot, mu March 2011 ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima itangochitika, anauza owerenga The Guardian kuti iye tsopano akuikira kumbuyo magetsi a nyukiliya, chinthu chimene omenyera chilengedwe ambiri amachiyesa chonyansa.

Mipingo nayo inang'ambika potsata msoko womwewo. Papa Francis atatulutsa kalata ya Laudato si' mu June 2015, nyuzipepala zimene sizigwirizana ndi Vatican pa za ukwati ndi kuchotsa mimba zinam'tamanda, pamene Jeb Bush, Mkatolika amene ankafuna upulezidenti wa America, anati mfundo zake za chuma sazitenga kwa maepiskopi kapena kwa Papa. James Inhofe, yemwe anali phungu wa Senate ya America woimira Oklahoma, ankatsamira pa lonjezo la pa Genesis 8:22 ponena kuti nyengo ili m'manja mwa Mulungu ndipo n'kudzikuza kuganiza kuti munthu angaisinthe. Mu February 2015 analowa mu Senate atanyamula chipale chochiumba ngati mpira. Katharine Hayhoe, wasayansi wa zanyengo wa ku Texas amene mwamuna wake ndi m'busa, amawerenga Baibulo lomwelo n'kupezamo udindo wosamalira munda ndi wokonda mnansi wosauka. Mavesi nawo amasankhidwa ngati mitu ya nkhani.

M'zaka zaposachedwa mkangano wasamuka. Kukana poyera kwachepa, moti mu October 2021, msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow uli pafupi, nyuzipepala zingapo za News Corp ku Australia zinayambitsa kampeni yoti pofika 2050 dzikolo lisamatulutse mpweya woipa woposa umene lingathe kuubweza. Funso latsopano ndi lakuti alipire ndani. Ku France mu November 2018 msonkho wa mafuta unatulutsa m'misewu anthu a majekete achikasu, ambiri a iwo okhala kutali ndi mizinda, kumene popanda galimoto munthu safika kuntchito. Mu 2023 nyuzipepala ya Bild ya ku Germany inalimbana kwa miyezi ndi lamulo la nduna Robert Habeck loti nyumba zisiye pang'onopang'ono kutenthetsedwa ndi gasi ndi mafuta. Mu September chaka chomwecho Rishi Sunak, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anasuntha chaka choletsera kugulitsa galimoto zatsopano za petulo ndi dizilo kuchoka pa 2030 kufika pa 2035, ndipo nyuzipepala zakumanja zinamuombera m'manja.

Apa ndiye kupendekera kuli ndi malo ake oyenera. Kodi gogo wa penshoni agule chotenthetsera nyumba chatsopano kuti apulumutse mdzukulu wa munthu wa ku Bangladesh amene sadzamuona? Kodi wa mumgodi wa malasha ataye ntchito lero chifukwa cha zaka 50 zikubwerazo? Awa ndi mafunso a chilungamo, ndipo chipangizo choyezera kutentha sichingawayankhe. Nyuzipepala yakumanja imene imafunsa za bilu ya magetsi ya munthu wamba ikugwira ntchito imene yakumanzere nthawi zina imaizemba. Chofunika n'chakuti ilembe mabilu onse awiri, ya kuchitapo kanthu ndi ya kungokhala. Ikalemba imodzi yokha, yabwerera ku nkhani ya machesi ija.

Bilu yachiwiriyo nthawi zambiri imafika kumayiko amene sawerenga nyuzipepala zimenezi, ndipo kumenekonso zoona zake sizimvera mbali. Mu 2021 kum'mwera kwa Madagascar kunagwa njala yoopsa, akuluakulu a World Food Programme n'kunena kuti ingakhale njala yoyamba yobwera ndi kusintha kwa nyengo. Nyuzipepala zambiri zinangobwereza. Mu December chaka chomwecho gulu la asayansi la World Weather Attribution, limene mmodzi mwa oliyambitsa ndi Friederike Otto, linapeza kuti kusintha kwa nyengo sikunali chifukwa chachikulu. Mvula ya kumeneko imasinthasintha mwachibadwa, ndipo chimene chinasandutsa chilala kukhala njala ndi umphawi, misewu yoipa ndi zoletsa za nthawi ya Covid-19. Mu April 2024 gulu lomwelo linati ng'amba imene inapsereza chimanga kum'mwera kwa Africa, mpaka Zambia, Malawi ndi Zimbabwe n'kulengeza kuti kwagwa tsoka, inabwera makamaka ndi El Niño. Koma mu April 2022, litaunika namondwe Ana, Batsirai ndi anzawo, linati kutentha kwa dziko kunachulukitsa mvula imene inagwa ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Zigamulo ziwiri sizinakomere akumanzere, chimodzi sichinakomere akumanja, ndipo zonse zinachokera kwa anthu omwewo.

Kwa mlimi wa ku Chikwawa kusiyanitsa kotere si masewera a anthu ophunzira. Zonse zikangotchedwa kusintha kwa nyengo, boma la kwawo lapeza pobisala, ndipo palibenso wofunsa za mitengo yodulidwa m'mapiri, za ngalande zotsekeka, kapena za nyumba zomangidwa m'munsi mwa phiri la Soche mmene munadutsa matope a namondwe Freddy mu March 2023. Zonse zikatchedwa zachibadwa, obisala ndi mayiko amene akhala akutentha malasha kwa zaka 200, ndipo thumba lolipirira zowonongeka limene anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 limaoneka ngati zachifundo pamene ili ngongole. Koma ngongole imafuna umboni, ndipo umboniwo ndi wopereweranso. Pa nkhani ya Ana asayansi aja sanathe kunena kuti mvulayo inachuluka ndi mlingo wanji. Mwa malo 23 oyezera nyengo a m'dera limene linakhudzidwa ku Mozambique, anayi okha ndiwo anali ndi zolemba zokwanirako kuyambira 1981, ndipo ku Madagascar ndi ku Malawi sanapeze malo okhala ndi zolemba zoyenera kafukufukuyo.